Babu Likapsa Padenga la Siteshoni, Akwere Ndani?

  

Lero tikambirana za nyale za pa siteshoni yaikulu, malo amene anthu miyandamiyanda amakwera ndi kutsika sitima tsiku ndi tsiku. M'maiko ambiri, eni masiteshoni akuchotsa mababu akale n'kuikamo a makono, aja timawatchula kuti LED. Kodi akupindulanji? Nanga ntchito imeneyi imavuta pati?

Ndiyambe ndakufunsani. Babu likapsa kunyumba kwanu, mumatani? Mumakwera pampando, n'kulisintha, nkhani yatha. Nanga likapsa padenga lalitali kuposa mtengo uliwonse wa m'mudzi mwanu, pansi pake pakudutsa anthu osaleka, akwere ndani? Akwera nthawi yanji? Amulipira ndani?

Mfundo yathu ya lero yagona pamenepo. Pa siteshoni yaikulu, ndalama yogulira babu ndi yochepa. Ndalama zenizeni zimapita kuwiri. Zimapita ku magetsi amene babulo lidye, ndiponso kwa munthu amene azikwera kukalisintha. Muisunge mfundo imeneyi, tiibwerezanso.

Tsono tiyeni tinyamuke. Tipite ku America, mumzinda wa New York. Pakatikati pa mzindawu, pamsewu wa 42nd Street, pali siteshoni ya sitima yotchedwa Grand Central Terminal. Inatsegulidwa mu February 1913. Ili ndi mapulatifomu 44, ndipo onsewo ali pansi pa nthaka. Kumeneko dzuwa silifika. Masana, usiku, anthu amadalira nyale basi.

Siteshoni imeneyi inamangidwa chifukwa cha ngozi. Ndipo ngoziyo inadza kaamba ka kusaona. Kale sitima za m'deralo zinkayendera malasha. Zinkalowa mumzinda podzera njira ya pansi pa msewu wa Park Avenue. Utsi ndi nthunzi zinkangoti tolo m'menemo. M'mawa wina mu January 1902, woyendetsa sitima sanaone zizindikiro zomuimitsa. Anakaomba sitima ina imene inaima kutsogolo. Anthu 15 anafera pomwepo. Mzinda wonse unakwiya. Boma linaika lamulo loletsa sitima za utsi m'dera limenelo. Injiniya wamkulu wa kampani ya njanjiyo, William Wilgus, ndiye anabwera ndi ganizo. Anati sitima ziziyendera magetsi, siteshoni yakale igwetsedwe, pamangidwe ina.

Masiku amenewo magetsi anali chinthu chonyadira. Banja la a Vanderbilt, eni kampani ya njanjiyo, linkafuna kuti aliyense wolowa adzionere yekha kuti muno ndi mwa magetsi. Choncho mababu sanawaphimbe ndi kanthu. Anawasiya poyera, masauzande ndithu, m'makoma, m'makonde, ndi m'zoikamo nyale zikuluzikulu zolendewera kudenga. Mpaka lero ali poyera. Pa siling'i ya holo yaikulu anajambulapo thambo la usiku ndi nyenyezi zake. Nyenyezi zikuluzikulu, pafupifupi 60, anaziika timababu kuti ziziwala. Siling'i imeneyo ili mamita pafupifupi 38 kuchokera pansi. Kumeneko mpando wanu uja sufikako.

Kukongola kunalipo. Koma paja walira mvula walira matope. Matope ake anali otani?

Tione kaye babu lakale lija, la kawaya mkati. Nonse mumalidziwa. Limawala chifukwa kawayako katentha kwambiri. Likayaka kanthawi, simungaligwire ndi dzanja. Alimi a nkhuku amadziwa bwino. Anapiye akangobwera kumene, amawapachikira babu lotere kuti afunde. Chimene akufuna pamenepo ndi kutentha, ndipo babulo limapereka kutentha kokwanira. Akatswiri amati mwa magawo 10 a magetsi olowa m'babu lotere, magawo 9 amangosanduka kutentha. Gawo limodzi lokha, mwinanso osakwana, ndilo limakhala kuwala. Kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Ku mjigo mwalipira ndowa yodzaza, kunyumba mwafika ndi a pansi okha.

Anapiye kutenthako amakufuna. Nanga apaulendo a pa siteshoni, akufunanji nako? Akungokulipira chabe.

Vuto lachiwiri ndi moyo wa babulo. Babu wamba la kawaya limayaka maola pafupifupi 1,000. Kunyumba, kumene mumayatsa madzulo okha, lingathe chaka. Koma likamayaka usana ndi usiku, silifika miyezi iwiri. Tsono taganizani mababu masauzande. Lero lapsa la apa, mawa la uko, mkuja la kudenga. Amisiri amangokhalira kunyamula makwerero. Zoikamo nyale zikuluzikulu zija amachita kuzitsitsa pansi kuti azipukute ndi kusintha mababu. Ntchito imeneyo ndi ya anthu, ndipo anthu amalipidwa.

Mwaiona mfundo ija? Ndalama imapita ku magetsi, ndi kwa wokwera.

Tsopano timve mmene anathanirana nazo. Sanachite tsiku limodzi ayi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Choyamba anatsuka. Inde, kutsuka. Pofika m'ma 1990, siling'i ija inali itada bii. Ena ankati ndi utsi wa sitima, ena ankati ndi wa fodya amene apaulendo ankasuta kwa zaka zambiri.  Anaitsuka, ndipo ntchito yokonzanso siteshoniyo inatha mu 1998. Pakona ina anasiya dala kachigamba kakuda kuti anthu azionera mmene zinalili. Apa pali phunziro limene ambiri timaliiwala. Khoma lakuda limadya kuwala. Khoma loyera limakubweza. Munthu amene wapaka laimu m'nyumba mwake amaona yekha kuti babu lomwe lija layamba kuwala kwambiri. Musanagule nyale zatsopano, yambani mwatsuka makoma ndi magalasi.

Chachiwiri, nyenyezi zija. Mu 1997 anachotsa timababu takale n'kuika timaulusi tagalasi tonyamula kuwala. Poyamba zinawala bwino. Zaka zitapita, zinayamba kuzilala. Mu 2010 anaziika nyale za LED, ndipo nyenyezizo zinawalanso ngwee, zikudya magetsi ochepa kuposa kale.

Nanga mababu a poyera aja? Cha m'ma 2008 anawasintha n'kuika aja timawatchula kuti ma energy saver. Panthawiyo amenewo ndiwo anali apamwamba. Lero nawonso akusiyidwa. Tiona chifukwa chake posachedwapa.

Koma tiime kaye pano. Kodi LED n'chiyani kwenikweni? Ambiri tili nayo m'thumba, koma sitinaifunsepo.

M'kati mwa LED mulibe kawaya kotentha. Mulibenso mpweya ngati wa m'machubu aatali aja a m'maofesi ndi m'sukulu. Muli kachidutswa kakang'ono kwambiri, ka mtundu wa tizipangizo ta m'foni ndi m'kompyuta. Magetsi akadutsamo, kamatulutsa kuwala pomwepo, osayamba katentha mpaka kufiira.

Tayang'anani wailesi imene mukumverayi. Mwina ili ndi kagetsi kofiira kosonyeza kuti yayaka. Imeneyo ndi LED. Yofiira yotereyi inapangidwa mu 1962 ndi katswiri wina wa ku America, Nick Holonyak. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali yomweyo, kungosonyeza kuti chipangizo chayaka. Kuunikira chipinda sinkatha. Chimene chinkasowa ndi LED yowala mwa buluu. Akatswiri ambiri anayesa n'kulephera. Kumayambiriro kwa m'ma 1990, akatswiri atatu a ku Japan anakwanitsa. Maina awo ndi Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura. Mu 2014 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Buluu anali wofunikiranji? Tengani tochi yanu, muizimitse, muyang'ane m'kati. Muona kadontho kachikasu. Pansi pa kadonthoko pali LED ya buluu. Kuwala kwa buluu kukadutsa m'chikasumo, maso athu amaona kuwala koyera. Tochi ya pa foni yanu imatero. Nyale ya sola imene ana amawerengera usiku imatero. Nyale za pa siteshoni yaikulu zimateronso. N'chifukwa chake m'midzi yambiri koloboyi wapuma.

Tsopano tafika pa phindu. Ndikupatsani mapindu atatu, limodzi limodzi.

Phindu loyamba ndi bilu. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi lakale la mawati 60. Inu amene mumagula mayunitsi, mukudziwa tanthauzo lake. Mayunitsi amene ankatha sabata imodzi pa nyale, tsopano amapitirira mwezi. Uko ndi kunyumba, kwa mababu anayi kapena asanu. Nanga pamalo a nyale masauzande, zosazima chaka chonse? Machubu aja ndi ma energy saver amadya pang'ono kuposa babu la kawaya, n'zoona. Komabe LED yabwino imawaposa. Ndiponso imaponya kuwala kumene kukufunika, pansi pamene anthu akuponda, m'malo momwaza kudenga.

Pali china. LED imalola kuichepetsa mphamvu. Pulatifomu ikakhala yopanda anthu pakati pa usiku, nyale zimatsika. Sitima ikamayandikira, kapena munthu akangofika, masensa amazikweza. Malo amene dzuwa limalowa pazenera, masana nyale zimadzichepetsa zokha.

Phindu lachiwiri ndi makwerero. LED yabwino imayaka maola masauzande ambirimbiri. Pamalo osazimitsa nyale, zimenezo ndi zaka. Mmisiri amene ankakwera mwezi ndi mwezi, tsopano amakwera patapita zaka. Ndipo musaiwale, kukwera pa siteshoni n'koopsa. Pansi pali njanji. Ku Grand Central, pambali pa njanji ziwiri zoyendapo sitima pali yachitatu yonyamula magetsi amphamvu. Kuti munthu agwire ntchito pafupi nayo, sitima ziime, magetsiwo azimitsidwe. Ulendo uliwonse wa pamakwerero umene wapewedwa, ndi ngozi imodzi yapewedwa.

Phindu lachitatu ndi maso a wapaulendo. Mukukumbukira nyale za mumsewu zija zowala mofiirira ngati lalanje? Pansi pa nyale zimenezo, malaya obiriwira ndi a buluu amaoneka chimodzimodzi. Nkhope ya munthu simungaizindikire bwino. Komanso magetsi akangothima n'kubweranso, zimatenga mphindi zingapo kuti ziwalenso. LED imayaka nthawi yomweyo, ndipo imaonetsa mitundu ya zinthu mmene ilili. Agogo amaona pothera sitepe. Mayi wobereka mwana amaona mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu. Mlendo amawerenga chikwangwani popanda kufunsa. Makamera achitetezo nawonso amajambula nkhope zooneka.

N'chifukwa chake mu 2024 bungwe la MTA, loyendetsa sitima ndi mabasi ku New York, linalengeza ntchito ina yaikulu. Linati lisintha nyale za machubu pafupifupi 150,000 m'masiteshoni a sitima zapansi pa nthaka za mumzindawo, kuti zonse zikhale za LED. Sitima zimenezo zimayenda usana ndi usiku. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya maiko olemera okha. Mu 2018 dziko la India linalengeza kuti masiteshoni ake a sitima, omwe ndi masauzande, aikidwa nyale za LED.

Mphini yobwereza ndiyo imawala, tibwereze. Bilu imatsika. Makwerero amapuma. Wapaulendo amaona pamene akuponda.

Tsono wina afunsa kuti, ngati zili zokoma chonchi, bwanji osangosintha mawa lomwe? Apa ndiye patembenukira nkhani yathu. Tiyeni tione zovuta zake.

Chovuta choyamba ndi nthawi. Siteshoni simungaitseke mwezi wathunthu kuti musinthe nyale. Anthu apita bwanji kuntchito? Grand Central imatsekedwa maola ochepa okha, pakati pa usiku mpaka mbandakucha. Amisiri amalowa anthu akatuluka. Amamanga nsanja, amagwira kagawo kochepa, amaphwasula nsanjayo, amasesa. Sitima yoyamba ikamafika, pakhale poyera ngati sipanachitike kanthu. Mawa usiku, chimodzimodzi. Ntchito imene pamalo opanda anthu ikanatha msanga, pa siteshoni imatenga miyezi.

Chovuta chachiwiri ndi woyendetsa sitima. Mwakumbukira ngozi ya 1902 ija? Woyendetsa amadalira zizindikiro za nyale, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira. Nyale ya pa siteshoni ikamuthobwa m'maso, kapena ikaima pamalo oti n'kuisokoneza ndi chizindikiro, mwaitana ngozi. Choncho asanapachike nyale iliyonse pafupi ndi njanji, amayamba aona mmene izionekera kwa munthu amene ali kutsogolo kwa sitima.

Kuthobwa kumeneku kumavutanso oyenda pansi. Nonse mwakumanapo ndi galimoto kapena njinga yamoto ya nyale zoyera mbee usiku. Ikakuunikani, kwa kanthawi simuona kalikonse. Kuwala kwambiri si kuona bwino. Okalamba amavutika nako. Abale athu achialubino, amene maso awo sapirira kuwala kwamphamvu, amavutika koposa. Ndipo mukaika nyale imodzi yamphamvu pakati, m'mbali monse mumaoneka mdima wa ndiweyani. Wakuba amaima mumdima momwemo, iye akukuonani, inu osamuona. Chofunika ndi kuwala kofanana paliponse, kopanda zigamba za mdima. Nyale zambiri zofatsa zimaposa imodzi yolusa.

Chovuta chachitatu ndi maonekedwe. Kuwala koyera kuli mitundu. Kwina n'kofunda, kopita ku chikasu. Kwina n'kozizira, kopita ku buluu. Grand Central ndi nyumba yotetezedwa ndi lamulo. Panali nthawi imene eni ake ankafuna kumangapo nyumba yaitali ya maofesi pamwamba pake. Anthu anakana, mmodzi mwa iwo anali Jacqueline Kennedy Onassis, ndipo mu 1978 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera kuiteteza. Panyumba yotere simungangopachika nyale iliyonse imene mwaipeza pamsika. Iyenera kugwirizana ndi miyala ya makoma ndi maonekedwe amene omanga anafuna.

Chovuta chachinayi, chimene chimatikhudza ife kwambiri, ndi katundu wachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndani sanagulepo babu lolembedwa kuti likhala zaka, koma n'kufa mwezi usanathe? Nthawi zambiri chimene chafa si kachidutswa kowala kaja. Kumbuyo kwake kuli kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi, amisiri amati driver. Kameneko kamaopa kutentha, kamaopanso magetsi obwera mwamphamvu mwadzidzidzi, monga zimachitikira akamabwera atathima. LED nayo imatentha, kungoti imatenthera kumbuyo. Yabwino amaiika chitsulo chochotsa kutenthako. Yotchipa amaumira chitsulocho. Kunyumba mukagula yotero mwataya ndalama ya babu limodzi. Pa siteshoni mukagula zotero masauzande, phindu lachiwiri lija lapita. Makwerero abwereranso.

Palinso kachinsinsi kena. LED yabwino kawirikawiri siifa mwadzidzidzi. Imazilala pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Akatswiri amati kuwala kwake kukatsika kufika magawo 7 mwa 10, yatha ntchito, ngakhale ikuyakabe. Babu lakale likapsa, aliyense ankaona, ankakanena. Ili likamazilala, palibe wodandaula. Anthu amangozolowera mdima. Choncho pafunika munthu woyenda ndi chipangizo choyezera kuwala, ndi buku lolembamo tsiku limene nyale iliyonse inaikidwa.

Nanga nyale zochotsedwazo zipite kuti? Apa ndi pamene ma energy saver ndi machubu aja akutsalira. M'kati mwake muli mercury pang'ono. Mercury ndi poizoni. Ku Japan kuli tauni yotchedwa Minamata, kumene m'ma 1950 anthu ambiri anadwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi mercury wochokera ku fakitale. Pangano la maiko lothana ndi mercury linatenga dzina la tauni imeneyo. Mu 2023 maiko a m'panganolo anagwirizana zoti kupanga ndi kugulitsana machubu amenewa kuthe pofika 2027. Ndiye siteshoni ikachotsa machubu masauzande, singawataye kudzala. Amawasonkhanitsa osaswa, n'kuwapereka kwa odziwa kuchotsa poizoniyo. Nanunso kunyumba, chubu chakufa musapatse ana kuti aziseweretsa. Musachiswe, ndipo musachitenthe.

Chovuta chomaliza ndi ndalama yoyambira. Nyale zabwino n'zodula pogula. Mawaya akale mwina afunika kusintha. Amisiri a usiku alipidwe. Woyang'anira chuma akaona mtengowo amagwira pakamwa. Koma afunse mafunso awiri aja. Nyale imeneyi idya magetsi ochuluka bwanji pa moyo wake wonse? Nanga tikwera kangati kukaisintha? Akawerengera zimenezo, kawirikawiri amapeza kuti pamalo oyaka usana ndi usiku ndalamayo imabwerera pa zaka zochepa. Kwina amachita kugwirizana ndi kampani yoika nyalezo kuti izilipidwa kuchokera pa ndalama zimene zapulumuka pa bilu.

Omvera, tayenda kutali. Tsono tibwerere kwathu. Ife tilibe siteshoni ya mapulatifomu 44. Koma tili ndi madepoti. Kuli Wenela ku Blantyre, kuli depoti ya Lilongwe, kuli ya Mzuzu. Tili ndi misika, zipatala, sukulu ndi mabwalo a ndege. Basi ya usiku imafika nthawi imene mzinda wagona. Amatsika mayi ndi katundu pamutu. Amatsika mwana wa sukulu amene sanafikepo m'tauni. Pali mavenda ogulitsa mpaka usiku, pali a kabaza odikira makasitomala. Onsewa amafuna chimene wapaulendo wa ku New York amafuna. Aone pamene akuponda, aone nkhope ya amene akumuyandikira.

Ndipo kwa ife pali chifukwa china chapadera. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mukukumbukira mu January 2022, namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira, mmene kuthimathima kunakulira. Magetsi amaperewera kwambiri madzulo, pamene aliyense wayatsa nyale ndipo ena akuphika. Nthawi yomweyo ndi imene nyale za m'madepoti ndi m'misewu zimayaka. Nyale zikamadya pang'ono, otsalawo amapita kwina, kuchipatala, kuchigayo, kunyumba ya mnzanu. Kumanga malo atsopano opangira magetsi kumatenga zaka. Kusintha nyale kumatenga miyezi.

Komanso nyale yodya pang'ono imatheka kuiyatsa ndi sola ndi batire. N'chifukwa chake mukuona nyale za sola m'misewu ina ya m'matauni mwathu. Magetsi akathima, izo zimayakabe. Koma nazonso zimafuna mwini. Galasi la sola likadzaza fumbi, silikoka bwino dzuwa. Batire limakalamba. Mbava zimalifuna. Nyale yopanda woisamala, kaya ndi yamakono chotani, mapeto ake ndi mzati wongoima.

Ndiye mukamva kuti khonsolo kapena kampani ikuika nyale zatsopano pa depoti ya kwanu, kondwerani, koma funsaninso. Safunsa anadya phula. Funsani kuti, nyalezi zayesedwa ndi ndani? Wogulitsa walonjeza kuti zikafa msanga adzasintha? Ndani aziyang'anira mwambo wotsegulira ukatha? Zakale zija zipita kuti? Ndipo kodi mwafika mpaka kuzimbudzi, kuseri, ndi panjira yotulukira, kapena mwangowalitsa pachipata pamene alendo amaona? Mafunso amenewa si mwano. Ndalama zake ndi zanu, za misonkho ndi za ziphaso za pamsika.

Nanu oyang'anira malo, yambani ndi kuyenda. Yendani pamalo panu usiku, pa nthawi imene basi yomaliza imafika. Onani pamene pali mdima. Onaninso pamene nyale zikuyaka masana dzuwa lili phwee, chifukwa nyale yosadya kwambiri ikamayaka pachabe, ikudyabe. Funsani amayi ogulitsa ndi alonda, iwo amadziwa ngodya iliyonse yoopsa. Mukatero m'pamene muitanitse mitengo. Ndipo poyerekeza mitengoyo, musayang'ane ya pogula yokha.

Tisanatseke, tikumbutsane. Pa siteshoni yaikulu, ndalama yogulira babu ndi yochepa. Ndalama zenizeni zimapita ku magetsi ndi kwa wokwera. LED yabwino imachepetsa zonse ziwiri, ndipo imathandiza wapaulendo kuona. Koma iyenera kukhala yabwinodi, yoikidwa mosathobwa m'maso, ndi yokhala ndi woisamala. Zitatu zimenezi zikasowa, mwangosintha mtundu wa vuto.

Nkhaniyi musaisiye pano. Kambiranani pamsika, kumpingo, ndi pamsonkhano wa m'dera lanu. Khansala wanu akabwera, mufunseni za nyale za pa depoti ndi pamsika, ndipo mumuuze malo enieni amene pali mdima.